Za Joel Embiid pa gulu la Basikete Angónia–Tete: luso, bondo ndi mbendera

Yami wa ku Zóbuè: Mwadzuka bwanji nonse. Ligi ya NBA ya ku America ya 2025 yatha, Oklahoma yanyamula chikho, ndiye tiyeni tiwerengerane mangawa. Pascal Siakam, mwana wa ku Cameroon uja ena pano mumati alibe luso, wafikanso mu fainolo ndi Indiana, kuwonjezera pa mphete ya opambana chikho ija anavala ndi Toronto mu 2019. Mnzake wa kumudzi Joel Embiid wasewera magemu 19 okha mwa 82, otsalawo amaonerera pa benchi atatchena. Mano Jacinto, MVP wanu uja, wosewera bwino kuposa onse mu ligi, ali kuti?

Jacinto (Moatize): Mwandiputa ndisanamwe ndi tiyi yemwe, ndangoweruka kumene ya usiku. Siakam ndimamupatsa ulemu, ndi wolimbikira ndipo sadwaladwala. Koma pa luso musawaike pamodzi awiriwa, mukuchimwa. Pa 22 Januwale 2024 Embiid anamwetsa mapointi 70 pa San Antonio, Wembanyama ali pomwepo ndi kutalika kwake konse. Rekodi ya timu yake ya Philadelphia inali ya Wilt Chamberlain, 68, ndipo inakhala chikhalire kuyambira 1967. Mu 2022 ndi 2023 palibe anamuposa kugoletsa mu ligi yonse, 30.6 pa gemu kenako 33.1. Poste (wamtali wosewera pansi pa golo) womaliza kutsogola pa kugoletsa anali Shaquille O'Neal mu 2000. Siakam anafikako liti kumeneko?

Yami wa ku Zóbuè: 70 mu Januwale, mano. Chikho amapereka mu Juni.

Tadala: Kkkkk mwamulasa penipeni.

Jacinto (Moatize): Vuto lanu mumaonera tizidule ta masekondi 30 pa Facebook poopa kutha megas. Mudzadzuke 2 koloko ya usiku muone gemu yonse, mudzasiya kuyankhula chonchi. Taonani zimene amachita akalandira mpira pa ngodya ya garrafão (bokosi la pansi pa golo), pafupi ndi mzere wa lance livre (kuponya popanda wokutchinga). Salozetsa msana ku golo monga ankachitira maposte akale. Amatembenuka n'kuyang'anizana ndi womutchinga, mpira uli m'chiuno, kenako aponda kamodzi kutsogolo ngati akudutsa. Ukabwerera m'mbuyo, waponya pomwepo, ndipo ulowa. Ukamukanirira, akudutsa ndi phewa, ndipo munthu wa mamita 2.13 sungamuimitse ndi chifuwa chako. Akakunamiza kuti akuponya iwe n'kudumpha, wakulowa pansi, falta, ndipo pa lance livre amamwetsa yoposa 8 pa 10 iliyonse, zimene Shaq sanazilote n'komwe. Triplo, ya mapointi atatu ija, amaponyanso. Kumbuyo nako amatseka, anthu amafika pansi pa golo n'kusintha maganizo. Tandiuzani, mungamutchinge bwanji?

Komanso muzikumbukira kuti ameneyu basikete anaiyamba ali ndi zaka 15. Ku Yaoundé ankasewera volebo ndi mpira wamiyendo. Mapazi ovina aja anawaphunzira poonera mavidiyo a Hakeem Olajuwon mobwerezabwereza. Pofika 2014, atangosewera chaka chimodzi ku Kansas, anatengedwa wachitatu pa draft, pamene matimu a NBA amasankha osewera atsopano. Zaka zisanu zokha chiyambireni! Anzake a ku America amayamba kudunda mpira asanasiye kuyamwa.

Tadala: Achimwene, luso palibe akukana. Changa ine ndi kudzigwetsa kuja. Ndimaphunzitsa atsikana ndi tianyamata pa bwalo la simenti kuno ku Vila Ulóngué, chingelengele chake anatiwotcherera kuchokera ku chitsulo chomangira nyumba. Tsiku lina kamnyamata kena kataliko kangokhudzidwa pang'ono pa chigongono, kakuwa, manja m'mwamba, khu! pansi. Simenti ya kuno siidziwa MVP. Khungu la pa ntchafu linatsala pomwepo, ine n'kumathamanga ndi thonje ndi sipiriti. Pokafunsa, kakuti "treinadora, Embiid amatero kuti refa aimbe." Ana saona maola amene munthuyo amakhala akuponya yekha mu jimu. Amaona kugwako basi, n'kumati ndiye ukatswiri.

Mana Fátima: Tadala mng'ono wanga, pepa ndi mwanayo. Koma za kugwazi ndiyankhepo, poti ine ntchito yanga ndi ya odwala mafupa. Kugwa kwina n'kofuna falta, zimenezo n'zoona. Kwina n'kodziteteza, ndipo iye mwini anafotokozapo kuti akatswiri anamulangiza kuti azigwa ndi thupi lonse m'malo motera ndi mwendo umodzi. Taganizani makilo 127 akuchokera m'mwamba n'kudzatera pa phazi limodzi. Phazi lamanjalo linathyoka kale mu 2014, kutatsala masiku ochepa kuti draft ichitike, ndipo kanathyoka ndi kafupa kotchedwa navicular, ka pakati pa phazi. Kafupa kameneka magazi amafikako ochepa, n'chifukwa chake kamachedwa kugwirana. Anamuchita opaleshoni kawiri, zaka ziwiri zoyamba osasewera ngakhale gemu imodzi. Yao Ming wa ku China ndi mafupa a phazi omwewa anamupumitsa ali ndi zaka 30 zokha.

Bondo lamanzere ndi nkhani inanso. Pakati pa mafupa awiri a bondo pamakhala kamnofu kolimba kamene timati menisco, kamathandiza kuti mafupawo asamakhulane. Kake kanang'ambika mu 2017, kanavulalanso kumapeto kwa Januwale 2024 pamene Kuminga wa Golden State anamugwera pa mwendo, patangopita sabata chimwetsereni 70 zija. Mbali imene madokotala adula simeranso. Ukalikakamiza bondo lotere limatupa, ulipumitse liphwe, ubwerere litupenso. Mu Epulo 2025 analowanso mu thiyeta chifukwa cha bondo lomwelo. Ndiye anthu akamati ndi waulesi, ine zimandiwawa.

Yami wa ku Zóbuè: Mana, ine sindinati waulesi. Ndati kulibe. Philadelphia inamuwonjezera kontrakiti ya zaka 3 mu Seputembala 2024, madola pafupifupi 193 miliyoni. Tawerengerani mu meticais mundiuze ngati foni yanu ikwana maziro onsewo.

Mana Fátima: Anasaina ndi maso awo, mafayilo a kuchipatala ali nawo m'manja. Ameneyo si mlandu wa wodwala.

Aphunzitsi a Maseko: Ndalowa mochedwa, netiweki ya kuno ku Furancungo imafuna kukwera pachulu. Ndawerenga zonse. Jacinto, iwe umakonda manambala, nawa ena. 2018 anatuluka ndi Boston, 2019 ndi Toronto, 2021 ndi Atlanta, 2022 ndi Miami, 2023 ndi Boston kachiwiri. Konseko ndi pa ndime yachiwiri ya playoffs, magemu ochotsana olimbirana chikho. Fainolo ya chigawo cha kum'mawa sanaipondepo. Mu 2023, chaka chomwe anapatsidwa MVP, gemu ya 7 ku Boston anaponya ka 18 n'kulowetsa 5 yokha, mapointi 15, pamene Tatum anamwetsa 51. Patangopita mwezi, Jokić amene Embiid anamulanda MVP uja ananyamula chikho ndi Denver. Munthu wamkulu timamuonera pa tsiku limene aliyense watopa ndipo aliyense akumva kuwawa penapake.

Jacinto (Moatize): Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mwawerenga zotsatira koma simunawerenge thupi. 2018 ankasewera atavala chigoba kumaso, fupa la pa diso litathyoka. 2021 menisco ya bondo lamanja inali itang'ambika. 2022 fupa la pa diso linathyokanso, ndipo anamuthyola ndani? Chigongono cha Siakam wa mano Yami yemweyo, gemu itatha kale ntchito. 2024 anamwetsa 50 pa New York mbali imodzi ya nkhope itafa.

Mana Fátima: Imeneyo ndi Bell's palsy. Mtsempha wa kumaso umafooka, chikope chimakanika kutseka bwino, diso limauma. Kuponya mpira pa chingelengele diso lili choncho si masewera.

Aphunzitsi a Maseko: Za thupi ndavomera, mana Fátima afotokoza bwino kuposa tonse. Chimene chimandivuta ine ndi pakamwa pake akagonja. Mu 2021 Ben Simmons ataopa kuponya ali yekha pansi pa golo n'kupatsira mnzake, Embiid anapita pamaso pa atolankhani n'kuloza mphindi imeneyo kuti ndi pamene gemu inatembenukira. Dzina sanatchule, koma ndani sanamve? Iye mwini gemu imeneyo anataya mipira 8. Mu 2023 ananena kuti iye ndi James Harden sangapambane okha. Anzake a mu timu anamva bwanji? Ine ndikalephera kumaliza silabasi sindingakauze makolo kuti ana anu ndi ogona. Wamkulu amayamba kudzitchula yekha.

Tadala: Ndipo zinatuluka m'manyuzi mu Novembala 2024 kuti Tyrese Maxey, mwana wamng'ono kwa iye, anamudzudzula pa msonkhano wa timu chifukwa chochedwachedwa. Iye chinamupweteka kwambiri ndi chakuti nkhani yatuluka panja. Kwa atsikana anga wochedwa amazungulira bwalo kasanu, kaya ndi amene amatimwetsera.

Yami wa ku Zóbuè: Koma pa Twitter ndiye sachedwa kkkk. Asanasewere ndi gemu imodzi yomwe anali atayamba kale kufunsira Rihanna pa intaneti.

Jacinto (Moatize): Ndipo n'chimene tinamukondera! Mwana ali yekha kudziko la eni, phazi lili mu pulasitala, anthu akuti Philadelphia yataya ndalama, iye n'kumaseketsa dziko lonse. Timu ikugonja dala kuti ipeze osewera abwino pa draft, anthu akunyoza ndondomekoyo, iye anatenga dzina lomwelo The Process n'kulisandutsa lake. Masiku ano saseka ngati kale. Mwamutopetsa ndinu.

Kota Lourenço: Adzukulu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kuno ku Dómuè. Ine basikete ndinaidziwira pa mishoni kalekale, za manambala ndikusiyirani. Ndikufuna ndinene za misozi. Mu 2019 mpira wa Kawhi Leonard utadunda kanayi pa chingelengele n'kulowa, mnyamatayu analira ngati mwana, mpaka Marc Gasol wa timu inayo anamukumbatira. Pa gulu lino ena munatumiza zithunzi zomuseka, ndikukumbuka. Munthu amene amangofuna ndalama salira choncho. Ndalama yake inali italowa kale, kugonja kapena kupambana.

Ndiponso musaiwale chimene anasenza. Mu Okutobala 2014 mng'ono wake Arthur, wa zaka 13, anagundidwa ndi galimoto ku Cameroon n'kumwalira. Iye ali kutali, phazi lothyoka, sanamuone mwanayo kwa zaka. Anafotokozapo yekha kuti anafuna kusiya basikete n'kubwerera kwawo. Mwana wake woyamba anamutcha Arthur. Pomupatsa chikho cha MVP mu 2023 kamwanako kanathamangira m'bwalo, bambo n'kugwetsa misozi pamaso pa anthu onse. Ndiye mtolankhani wina wa ku Philadelphia n'kulemba nkhani yomunyoza kuti sasewera, n'kulowetsamo dzina la malemuyo ndi la mwanayo. Anakumana m'chipinda chosinthira zovala, anamukankha, ligi inamuimitsa magemu 3. Kukankha munthu n'kulakwa, sindikukana. Koma kwathu kuno munthu atatchula m'bale wako wa kumanda pofuna kukuphunzitsa ntchito, nkhani imeneyo ikanathera kwa mfumu, ndipo wolipa mbuzi sakanakhala wokankhayo yekha.

Tadala: Pamenepo akota ndagwirizana nanu. Za malemu sitiseweretsa.

Aphunzitsi a Maseko: Inenso pa mtolankhaniyo ndili mbali yanu, madala. Anapepesa yekha n'kuchotsa mawuwo, kusonyeza kuti anadziwa. Koma tisathawe nkhani yaikulu imene tonse tikuizungulira. Olimpiki ya ku Paris mu 2024. Mwana wobadwira ku Yaoundé, bambo ake msilikali wa Cameroon, anatulukiridwa ndi m'Cameroon mnzake Luc Mbah a Moute pa kampu ya ku Yaoundé komweko, n'kukavala jezi yolembedwa USA. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Jacinto (Moatize): Fodya wako ndi amene ali pamphuno, aphunzitsi. Cameroon sinapite n'komwe ku Paris, inagwera ku Riga pa mpikisano wolimbirana malo. Munthu wa zaka 30, mawondo akutha, mphete alibe, mukufuna akane mendulo yagolide? Ndipo sanangoyenda ulendo. Pa semifainolo Serbia inatsogola ndi 17, LeBron ndi Curry thukuta lili kamukamu, Embiid anamwetsa 19 pamaso pa Jokić ndipo anapambana 95 kwa 91. Popanda iye golide uja akanamuonera pa TV.

Yami wa ku Zóbuè: Popanda Curry, mano. 36. Musatinamize, tinaonera limodzi pa baraka ija.

Jacinto (Moatize): Onse awiri. Komanso poti mwayambitsa ndinu za Siakam, munamuonapo atavala jezi ya Cameroon pa AfroBasket, mpikisano wa mayiko a ku Africa?

Yami wa ku Zóbuè: Koma sanavale ya wina.

Tadala: Cameroon inagwera ku Riga chifukwa anthu ngati iyeyo kunalibe. Mukutenga zotsatira za kusowa kwake n'kuzisandutsa chifukwa chosowera. Ataimirira pa bwalo limenelo ndi Siakam, ndani akanawaletsa? Ndipo chimandinyansa china n'chakuti mapasipoti anatenga awiri chaka chimodzi, ya France ndi ya America, zonse mu 2022. A ku France amati anawalonjeza, n'chifukwa chake ankamukuwiza ku Lille ndi ku Paris nthawi iliyonse akagwira mpira, iye n'kumawakodola kuti onjezerani. Mayiko awiri olemera akukanganirana mwana wa ku Africa, kwawo kwenikweni sikukutchulidwa n'komwe.

Mana Fátima: Chifukwa chimene iye anapereka ndi mwana wake, amene anabadwira ku America. Ndine mayi, zimenezo sindingazipeputse. Mkazi wake ndi wa ku Brazil, mwana ndi wa ku America, agogo ali ku Yaoundé. Banja lotere mbendera yake ndi iti?

Jacinto (Moatize): Hakeem Olajuwon wobadwira ku Lagos anatenga golide ndi USA ku Atlanta mu 1996, lero tonse timamutcha nthano ya Africa. Ndipo ife a ku Mozambique tisayankhule mokweza. Eusébio ndi wa ku Mafalala. Zigoli 9 pa World Cup ya 1966 anamwetsera ndani?

Aphunzitsi a Maseko: Ayi Jacinto, pamenepo walowa m'kalasi mwanga. Eusébio anapita ku Benfica mu 1960, dziko lino lili m'manja mwa Apwitikizi. Timu ya Mozambique yoti akaisankhe kunalibe, mbendera yathu inakwera mu 1975. Mário Coluna, kapitawo wa timu imene ija ya 1966, ufulu utabwera anabwerera kuno n'kudzatumikira mpira wa dziko lino. Ukafuna chitsanzo cha munthu amene anali ndi mwayi wosankha, tenga Maria Mutola. Anapita ku Oregon ali mtsikana, anakhala zaka zambiri ku America komweko, akuphunzitsidwa ndi a komweko. Ku Sydney mu 2000 atapambana mamita 800, nyimbo inaimbidwa inali ya fuko lathu. Golide wa Olimpiki amene dziko lino lili naye ndi yekhayo. Kwa America golide wa Embiid ndi mmodzi pa mulu, sakumbukanso kuti anamuika pati.

Kota Lourenço: Aphunzitsi mwayankhula zanzeru, koma ndiloleni ndiike changa. Nkhondo itafika kwathu mu 1986 tinathawira tsidya la Malawi, ku Ntcheu, ine ndi mng'ono wanga ndi amayi. Sitinali tokha, anthu a dziko lino othawira ku Malawi anafika pafupifupi miliyoni. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ine ndinabwerera kudzagwira munda wa bambo. Mng'ono wanga anatsala. Sukulu anaphunzira kumeneko, Chipwitikizi sachidziwa, anakwatira kumeneko, chitupa chake ndi cha Malawi. Flames ikamasewera ndi Mambas amandiimbira foni kundinyogodola. Timakumana pa msika wa Lizulu, pamene msewu ndiwo malire, iye aima mbali yake ndi kabichi, ine mbali yanga ndi mbatata. Kodi ndimutche wogulitsa mtundu? Maliro akagwa kuno amafika woyamba, ndipo manda a amayi anamanga ndi iyeyo. Mnyamata uyu anachoka kwawo ali ndi zaka 16. Amene anamudyetsa, kumuphunzitsa ndi kumusoka phazi ndi a kumeneko. Zaka zimene wakhala ku America zatsala pang'ono kufanana ndi zimene anakhala ku Cameroon. Mtima wa munthu wotere uli pawiri, ndipo ife a m'malire muno tiyenera kukhala oyamba kuzimvetsa.

Tadala: Akota, nkhani yanu yandikhudza, agogo anganso anathawira ku Dedza. Koma amalume athuwo anathawa mfuti. Embiid sanathawe kanthu. Anakhala pansi, mayiko atatu ali patebulo, n'kusankha limene linali ndi LeBron, Curry ndi Durant kale.

Kota Lourenço: N'zoona mwanawe, sanathawe mfuti. Koma ukanakhala iwe, bondo likukuuza kuti zaka zatsala zochepa, ukanatani? Usayankhe msanga.

Tadala: Ndikanachita za Clarisse Machanguana. Anasewera ku Old Dominion mpaka fainolo ya makoleji a ku America mu 1997, anasewera WNBA, ligi ya akazi ya ku America, ku Los Angeles Sparks, koma mu 2013 anali pa bwalo ku Maputo atavala jezi yathu, zaka zitapita kale, ndipo tinatenga siliva pa AfroBasket n'kupita ku mpikisano wa dziko lonse ku Turkey mu 2014. Atsikana anga ndikawauza kuti mayi uyu ndi wa dziko lino, maso amasintha. Mwana wa ku Yaoundé akaona Embiid atavala USA amaphunzira chiyani? Kuti ukakula uzithawa.

Jacinto (Moatize): Kapena amaphunzira kuti mwana wa ku Yaoundé akhoza kukhala MVP wa NBA. Achemwali, mabwalo athu mukuwadziwa. Inu nomwe mwanena kuti chingelengele munachita kuwotcherera. Osewera a mayiko ambiri a ku Africa amadandaula za matikiti a ndege ndi ndalama zosalipidwa chaka ndi chaka. Munthu wa kontrakiti ya mamiliyoni, bondo lake likufuna inshuwalansi, ndani akanailipira? Ndipo a Cameroon eni ake sanamutaye, atabwerera ndi mendulo ija Paul Biya anamulandira n'kumupatsa ulemu wa boma. Olira ndife a ku Tete.

Yami wa ku Zóbuè: Andale amalandira aliyense wobwera ndi chonyezimira kkkk. Ndipo poti tikuwerenga ma MVP obadwira ku Africa, musaiwale Steve Nash, anabadwira ku Johannesburg. Awiri, 2005 ndi 2006. Mwana wa SADC ameneyo, wa pafupi kuposa Embiid.

Mana Fátima: Yami iwe, ukalowa pa nkhani ya anthu akuluakulu uzivula chipewa.

Aphunzitsi a Maseko: Za inshuwalansi Jacinto wanena zoona, koma pali munthu amene anayankha funso limenelo ndi thumba lake. Luol Deng anabadwira ku Wau, banja lake linathawa nkhondo kupita ku Egypt kenako ku London, ndipo pa Olimpiki ya 2012 anasewerera Great Britain. Pamenepo afanana ndi mng'ono wa akota, afanananso ndi Embiid. Koma atapuma anabwerera, mu 2019 anakhala mtsogoleri wa basikete ya South Sudan, n'kumalipira yekha maulendo ndi malo ogona a timu. Dziko limene linalandira ufulu mu 2011 linafika pa Olimpiki mu 2024. Pa gemu yokonzekera ku London anatsala pang'ono kugwetsa USA, 101 kwa 100, LeBron ndiye anawapulumutsa masekondi omaliza. Embiid anali pa bwalo lomwelo, mbali inayo. Ndimadzifunsa kuti ankaganiza chiyani poona anyamata aja. Dikembe Mutombo, amene anatisiya mu Seputembala 2024, mphete sanavalepo, koma ku Kinshasa kuli chipatala chimene anamanga m'dzina la mayi ake. Ndiye ine mlandu wa Embiid sindinautseke. Jezi anasankha kale ndipo sindinakondwere nazo. Ndikudikira ndione chimene adzaimike ku Yaoundé.

Jacinto (Moatize): Apo tikhoza kumvana, aphunzitsi. Koma mundivomere chimodzi: ali bwinobwino, miyezi itatu ija isanafike ngozi ya Golden State, panalibe munthu padziko lapansi wosewera kuposa iye. Ankamwetsa pafupifupi 35 pa gemu, magemu ena kota yomaliza osalowa n'komwe poti ntchito yatha kale.

Aphunzitsi a Maseko: Pa kugoletsa ndivomera. Pa kuseweretsa anzake, Jokić. Ukaika anthu awiri pa Jokić wakupha ndi pasi, ukaika awiri pa Embiid nthawi zina mpira umatayika.

Jacinto (Moatize): Chaka chimenecho ndi mphunzitsi Nick Nurse anali atayamba kupatsira bwino, ma assist anakwera kupitirira 5 pa gemu.

Yami wa ku Zóbuè: "Anali atayamba." Mbiri yonse ya munthuyu ndi imeneyo, mano.

Mana Fátima: Ine pempho langa kwa a Philadelphia, ngakhale sangandimve, n'lakuti asiye kumuthamangitsira magemu 65 amene ligi inaika kuti munthu apikisane nawo pa MVP. Ambiri amakhulupirira kuti lamulo limenelo ndi limene linamukankhira pa bwalo ku Golden State bondo likumuvuta kale. Azisewera mphindi zochepa, asamasewere masiku awiri otsatizana, achepetseko thupi. Bondo lotere silichira, umangolisamala.

Tadala: Mana, zimenezo mudzabwere mudzawauzenso ana anga mukadzakwera ku Angónia, makamaka za kutera ndi miyendo iwiri. Amadumpha pa simenti ndi nsapato za pa kaunjika zotha kunsi, wina ndi patapata. Pakadali pano vidiyo ya Embiid ndiziwaonetsa ya mapazi okha, pofika pa kugwa ndizidula. Alipo ali ndi gemu yonse ya fainolo ya 2013 ndi Angola? Ndikufuna aone Clarisse ndi Leia Dongue ali limodzi.

Kota Lourenço: Imeneyo usawaonetse mapeto ake, mwanawe. Angola inatiliza pakhomo pathu pomwe.

Jacinto (Moatize): Ndifufuza pa YouTube ndikadzuka. Koma poti mwamutchula, Leia anamuposa Clarisse. Ndanena ndanena.

Tadala: Achimwene Jacinto, kagoneni. Tulo takusokonezani. Leia WNBA anaiponda liti?

Dalitso (admin): Imeneyo ndi nkhani ina, muitsegule payokha kuti isasokonezeke ndi iyi. Ndipo amene mukutumiza mavidiyo aatali, ikani linki yokha, anthu akudandaula megas.